Mikanda Itatu Yotsala

Kunyumba kwathu amanditchula kuti Wailesi. Anayambitsa ndi amayi, achemwali anga n'kutengera, ndipo pano ngakhale mayi ogulitsa tomato pakona paja anaiwala dzina langa lenileni. Ine sindidandaula. Nkhani ikandipeza imandiyabwa pakamwa ngati chitedze, ndiye nditani? Koma sabata yatha pakamwa pangapa panawaputira achemwali mlandu wakuba, ndipo zimenezo sizinali zoseketsa ayi.

Achemwali amagwira ntchito pashopu ya telala, mumsewu wa kuseri kwa msika. Ndi kachipinda kamodzi: makina atatu, ayironi, ndi galasi lalitali lothetheka pakona. Abwana awo ndi mayi wamfupi, tepi m'khosi, mapini pakamwa tsiku lonse, moti amalankhulira mbali imodzi ya mlomo. Palinso telala wina amene timamutchula kuti a Sizasi, chifukwa lilime lawo limadula kuposa chitsulo. Achemwali sakhalitsa pamakina. Iwo ndi a ntchito ya manja, yosokerera mikanda pamadiresi a akwati. Anaifunafuna zaka ziwiri ntchito imeneyi.

Ine ndikaweruka kusukulu ndimadutsira pomwepo, ati kukatenga kiyi wa kunyumba, koma zoona zake n'zakuti pashopu ya telala ndi pamene nkhani za m'tauni zimavulira nsapato.

Lolemba ndinapeza pali mayi wina wachikulire, nesi wopuma pantchito, atanyamula ndowa yodzaza mikanda yagalasi yabuluu, ikuluikulu ngati nsawawa.

"Iyi inali katani ya pazenera la pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera," anatero a Nesi. "Anaipanga ndi malemu mayi anga. Ulusi unatha mphamvu, mdzukulu wanga atangokoka kamodzi, yonse waa! pansi. Tinatola mpaka womaliza, tinasuntha ndi kabati yomwe. Ndikufuna ibwerere mmene inalili. Zingwe zonse zinali zofanana ndendende, mayi anga sankafuna zopendekeka."

"Zingwezo zinali zingati?" anafunsa abwana.

"Zenera ndi la mita imodzi, ndipo bambo anga anaboola thabwa lake pa sentimita iliyonse."

"Ndiye kuti 100," anatero abwana, osachotsa n'komwe mapini pakamwa.

"Ziyenera kukhala choncho. Ndidzabwera Loweruka kudzaona poyambira."

Pashopu palibe mpopi, ndiye achemwali anatenga ndowa ija kupita nayo kunyumba. Lachiwiri anaitsuka mikanda m'beseni ndi sopo, kuiyanika pansalu yakale pakhonde, kenako kuyamba kuiwerenga, 100 m'kajumbo, kumanga, 100 m'kajumbo, kumanga. Ine anandiletsa kukhudza.

"Iwe umawerenga ukulankhula. Ukafika pa 40 wayamba kale za mwana wa aneba."

Timajumbo tinakwana 104. Panatsala mikanda itatu, yomwe anaiika pakambale ka kapu ya tiyi. Yonse pamodzi 10,403.

Lachitatu abwana anawerenganso okha, n'kupeza chimodzimodzi. Anayang'ana kambale kaja nthawi yaitali.

"Zingwe 100, chilichonse mikanda 104, yatsala itatu. Itatuyi yachokera kuti? Mikanda siberekana. Ndiye kuti chingwe chilichonse chinali ndi 105, ndipo yasowa 97."

"Mwina inatsalira kwa eni ake," anatero achemwali.

"Mwina," anatero abwana. Nkhani ikanathera pomwepo, pakanapanda ine.

Madzulo ake abwana ndi achemwali atapita kukagula ulusi, ndinatsala ndi a Sizasi. Anandiuza za mkwati wina amene diresi lake alikulitsa kawiri mwezi umodzi. Munthu akakupatsa nkhani yonona choncho, sungangokhala manja lende, umafunika kubwezako. Ndiye ndinati:

"Mukudziwa kuti achemwali ali ndi mkanda wa m'khosi wabuluu umene akubisa musutikesi, pansi pa zovala, wokulungidwa m'kampango?"

Ine ndinkafuna kunena za chibwenzi. Mkandawo anawapatsa ndi munthu wina, ndimamudziwa, ndinawaona ndi maso angawa. Koma nkhani yokoma suimaliza tsiku limodzi, ndiye dzina la munthuyo ndinalisungira mawa lake.

"Wabuluu?" anatero a Sizasi, phazi litaima pamakina. "Wautali bwanji?"

"Mpaka apa," ndinaloza pamchombo.

"Ooo," anatero. Anangoti ooo basi. Pamenepo ndikanazindikira.

Lachinayi nditafika pashopu ndinapeza kuli zii, makina onse ataima. Achemwali ali chilili pafupi ndi galasi, maso ali psuu.

"Yafika mboni," anatero a Sizasi.

"Iwe," anandiitana abwana, "mkulu wakoyu ali ndi mkanda wabuluu kunyumba?"

Ndinayang'ana achemwali. Iwo anayang'ana pansi.

"Ali nawo, koma si wa..."

"Tseka pakamwa," anatero achemwali motsitsa mawu. Kenako kwa abwana: "Ndinachita kupatsidwa. Ndi wanga."

"Anakupatsa ndani?"

Achemwali sakanamutchula. Amayi sakudziwa za munthuyo, ndipo amayi athu nkhani zotere akazimvera kumsika, kunyumba sikukhalika.

"Tamvera," anatero abwana. "Ine sindinakugwire dzanja. Koma anthu amasiya pano zinthu za malemu makolo awo. Ndowa inagona kwanu. Mikanda 97 yasowa. Iwe uli ndi mkanda wabuluu wobisa, ndipo sukunena kumene unachokera. Ukanakhala iwe ukanaganiza chiyani?"

"Mwina zingwe sizinali 100, abwana," anatero achemwali.

Abwana anatulutsa foni n'kuiika patebulo lodulira nsalu. "Chabwino. Gawa. Ukapeza nambala yolowa bwinobwino popanda chotsala, ndikupepesa pamaso pa onse."

Achemwali anayamba. 99, yatsala. 98, yatsala. 97, 96, 95. Anatsika choncho mpaka pa 2, ngakhale aliyense akudziwa kuti kulibe katani ya zingwe ziwiri. Paliponse foni inkatulutsa kadontho ndi mchira wa manambala.

"Nanga kupitirira 100?" anafunsa achemwali.

"Mita ndi mita, mwana iwe. Ndagwira tepi zaka 30. Mu mita mulibe masentimita oposa 100."

"Nambala yokana chonchi ndi ya katundu wopunguka," anaponyamo a Sizasi.

"Loweruka a Nesi akubwera," anatero abwana. "Ubweretse mkandawo tiumasule tibwezere m'ndowa, nkhani ithere m'chipinda muno. Apo ayi, pano sungakhalenso."

Panjira achemwali ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Pafupi ndi nyumba ndinalephera kupirira.

"Achemwali, bwanji ndingonena amene anakupatsani?"

"Ukatchula dzina lake, iwe ndi ine basi. Ndipo ukuganiza akhulupirira? A Sizasi anena kuti aliyense angapeze mwamuna womuikira kumbuyo."

"Ndiye ingoperekani mkandawo."

Anaima n'kundiyang'ana. "Ndikapereka ndiye kuti ndavomera kuti ndinaba. Ntchito ndikhala nayo, koma tsiku lililonse azindiwerengera singano. Ndikakana, ndituluka ndi dzina la wakuba, ndipo mumsewu uja palibe adzandilembenso. Wandisankhira bwino, Wailesi."

Dzina limenelo lakhala likundiseketsa moyo wanga wonse. Tsiku limenelo linandilasa. Chakudya chamadzulo achemwali sanadye, anauza amayi kuti mutu ukuwawa.

Lachisanu tinali ndi masamu. Aphunzitsi athu a masamu timawatchula kuti a Yatsala, chifukwa samu iliyonse amaimaliza ndi kufunsa kuti, "Yatsala zingati?" Ine amandidziwa bwino, koma osati chifukwa cha nzeru. Amandikhazika kutsogolo kwenikweni, pandekha, kuti ndisowe wolankhula naye. Nthawi yopuma anzanga atatuluka, ndinatenga choko n'kulemba pabolodi: 10,403.

"Kodi lero kugwa mvula?" anatero a Yatsala. "Wailesi wagwira choko osatumidwa?"

"Madamu, nambala iyi ikukana kugawika. Kodi ndiye kuti yapunguka?"

"Nambala sipunguka, iwe. Tafotokoza."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira ndowa mpaka kambale. Kamodzi kokha m'moyo wanga mphunzitsi sanandidule.

"Tiyeni tiifunse yokha," anatero. "Ikuthera ndi chiyani?"

"3."

"Ndiye 2 sangalowe, ngakhale abale ake onse, 4, 6, 8, mpaka 100 amene abwana akukakamirayo. 5 naye sangalowe. Phatikiza manambala akewo."

"1 ndi 4 ndi 3... 8."

"8 sagawika ndi 3, ndiye 3 ndi ana ake onse akhale pansi. Yesa 7."

Ndinayesa, kunatsala 1. Ndinayesa 11, kunatsala 8. Pa 13 kunatsala 3.

"Zilipo nambala zouma mutu," anatero a Yatsala, "zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi. 7, 13, 97. Zilipo zazikulu zoti sungazimalize kulemba pabolodi pano. Ngati iyi ndi imodzi mwa izo, katani ya zingwe zofanana singatuluke, ndipo mkulu wako ali m'madzi."

Ndinaika choko pansi.

"Koma usanaitchule youma mutu, uyenera kugogoda zitseko zonse. Munalekera pati?"

"Tinayambira pa 100 kutsika pansi."

"Kukwera m'mwamba?"

"Abwana akuti mita ndi mita."

"Ine sindikufunsa za mita. 100 kuchulukitsa ndi 100?"

"10,000."

"Yafika pa nambala yako?"

"Ayi."

"Ndiye munabwereranji panjira? Tamvera. Nambala ikamagawika, imakhala ndi awiri oinyamula, wina wamng'ono wina wamkulu. Ukamafufuza wamng'onoyo, suleka mpaka utafika pa nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupitirira nambala yakoyo. 101 kuchulukitsa ndi 101?"

Ndinalemba, kufufuta, kulembanso. "10,201."

"Sinafike. 102?"

"10,404. Yapitirira ndi imodzi!"

"Ndiye 102 ndi malire. Chatsala chitseko chimodzi chokha chimene simunagogode. Gogoda."

Ndinapempha foni yawo. Anakana. Anati ndili ndi choko komanso mutu.

Ndinayamba. 101 mu 104 alowa kamodzi, yatsala 3. Itatu ija ya pakambale, ndinaiona ndi maso! Nditsitse 0, 30, salowa, ndilembe 0. Nditsitse 3, 303. 101 mu 303...

"Katatu," ndinanong'ona.

"Yatsala zingati?"

"Palibe! Madamu, palibe!"

Ndinakuwa mpaka mlonda wa pageti anasuzumira pazenera. 101 kuchulukitsa ndi 103, ndendende 10,403.

"Taona kukongola kwake," anatero a Yatsala, akumwetulira ngati awona mwana wakhanda. "101 ndi youma mutu. 103 nayonso ndi youma mutu. Zasiyana ndi 2 yokha, zoterezi timazitchula kuti mapasa. Nambala yakoyi ndi mwana wa mapasa awiriwa basi, ilibe wina woinyamula. N'chifukwa chake inakana aliyense. Katani imeneyo inali ya zingwe 101 za mikanda 103, kapena zingwe 103 za mikanda 101. Palibenso njira ina."

"Ndiye achemwali sanabe!"

"Bolodi silingalumbire zimenezo. Bolodi langonena kuti n'zotheka. Umboni uli pathabwa lija. Kawerenge mabowo."

Kunyumba kwa a Nesi sindinafunse njira. Ubwino wa kukhala Wailesi ndi umenewo: ndinkadziwa kale kuti ndi nyumba ya geti lobiriwira, moyang'anizana ndi mayi amene mwamuna wawo anathawa ndi... iyayi, imeneyo ndi ina.

A Nesi ananditsegulira atavala epuloni. Ndinkafuna kungopempha kuona thabwa, koma pakamwa panatseguka pokha. Ndinanena za ndowa, za a Sizasi, za mapasa, zonse mpweya umodzi.

"Mwana iwe, umapuma nthawi yanji?" anatero. "Anthu olankhula chonchi ife tinkawayeza kutentha thupi. Lowa."

Thabwa linali pamwamba pa zenera, lopakidwa penti yoyera kangapo konse. Anandipatsa mpando wokwerapo ndi kamtengo ka machesi. Ndinkalowetsa kamtengo m'bowo lililonse ndikuwerenga mokweza, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinaganize za mwana wa aneba ngakhale pang'ono. 97, 98, 99, 100.

Thabwa linatha.

Ndinabwereza kuchokera mbali inayo. 100.

Ndinakhala pampando paja n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Ndinaganiza za achemwali akutuluka pashopu ndi kachikwama kawo ka singano, a Sizasi akuwaperekeza ndi maso.

"Tatsika," anatero a Nesi. Anavala magalasi, anakwera okha pampando, n'kuyamba kuyendetsa chala pansi pa thabwa pang'onopang'ono, ngati akufufuza mtsempha pamkono wa wodwala. Atafika kumapeto, pafupi ndi khoma, anaima.

"Apa pali kachotupa. Ndipatse pini ya m'tsitsi mwakomo."

Anakanda penti. Inagwa kachidutswa koyera, kenako panaoneka kabowo, ndipo m'kabowomo munali kaulusi kakuda kakalekale.

"101," anatero. "Bambo anga aja. Anayamba kuboola pa ziro."

Ine ndinasiya kulira n'kuyamba kuseka, mamina ali pompo.

Kunyumba ndinawakokera achemwali kuseri kwa bafa n'kuwauza. Anandiyang'ana mokayika.

"Wailesi, ngati iyi ndi ina mwa nkhani zako..."

"Tengani pepala mugawe nokha."

Anagawa kawiri. Kenako anakhala pansi pa simenti, anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Madzulo amenewo anadya mbale ziwiri, amayi mpaka anafunsa kuti mutu uja wathawira kuti.

Loweruka m'mawa a Nesi anafika pashopu atakwapatira thabwa lonse, atachita kulimasula kukhoma. Analiika patebulo lodulira nsalu.

"Werengani, mayi," anauza abwana.

Abwana anatenga pini pakamwa n'kuyamba. A Sizasi anaima kumbuyo kwawo, milomo ikuwerenga nawo. Atafika pa 101, abwana anavula tepi m'khosi n'kuyeza kuyambira bowo loyamba mpaka lomaliza.

"Mita imodzi," anatero. "Ndiye zikutheka bwanji? Mita ndi 100."

Ndinadziwa kuti si malo anga, koma ndine Wailesi.

"Abwana, bulauzi mwavalayo ili ndi mabatani angati?"

Anayang'ana pachifuwa. "Sikisi."

"Mipata ya pakati pa mabataniwo?"

Anayendetsa chala. Anaima. Kenako anachita chinthu chimene sindinachionepo chiyambire: anachotsa mapini onse pakamwa n'kuwaika patebulo.

"Isanu," anatero, ndi mlomo wonse. "Zaka 30 ndikuika mabatani. Tepi imawerenga mipata, ine n'kumaiwerengera mabowo." Anatembenukira kwa achemwali. "Mwana wanga, ndinati ndidzapepesa pamaso pa onse. Ndakulakwira. Ndinakuyesa wakuba, pamene iwe sunataye ngakhale mkanda umodzi mwa zikwi khumi. Undikhululukire."

Achemwali anagwedeza mutu kuvomera.

"Ine ndinangonena zimene ndinamva," anatero a Sizasi, mwadzidzidzi atatanganidwa ndi kulowetsa ulusi pamakina amene anali ndi ulusi kale.

"Nanenso ndinangonena zimene ndinaona," ndinatero. "Tonse awiri tikanangokhala chete."

"Lembani tsiku la lero pakhoma," anatero achemwali. "Wailesi wanena kuti kukhala chete."

Onse anaseka, ngakhale a Nesi.

Achemwali sanataye nthawi. Anayala timajumbo 101 patebulo, kamodzi pa chingwe chilichonse. Timajumbo titatu tinatsala. Anatimasula n'kuyamba kuwonjezera mikanda itatu-itatu pa kajumbo kalikonse. Nthawi ino anandilola kuthandiza, bola nditseke pakamwa. Mikanda ya m'timajumbo titatu tija inathera pa kajumbo ka 100. Kanatsala kamodzi, kakumapeto, kopanda chowonjezera. Achemwali anatenga kambale kaja n'kupatsa a Nesi.

"Ikani ndinu, amayi. Ndi ya bowo la bambo anu."

A Nesi anakhuthulira mikanda itatu ija m'kajumbo komaliza, n'kupukuta magalasi ndi chitenje nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Lamlungu achemwali anatulutsa mkanda wawo musutikesi n'kuuvala masana dzuwa likuswa mtengo. Anati atopa ndi kubisa chinthu chimene chinatsala pang'ono kuwadyera ntchito. Amayi anauona nthawi yomweyo.

"Umenewo wachokera kuti?"

"Ndikuuzani, amayi. Mundipatse sabata imodzi."

Amayi sanalimbane nawo. Anangotembenukira kwa ine, chifukwa m'nyumba muno aliyense amadziwa potchera nkhani.

"Wailesi?"

Lilime linandiyabwa mpaka m'makutu. Achemwali anandiyang'ana. Ndinatenga kapu ya madzi n'kumwa yonse, pang'onopang'ono.

"Funsani eni ake," ndinatero.

Amayi anandigwira pachipumi kuti aone ngati ndikudwala.

Lero ndi tsiku lachinayi ndisanatchule dzina la munthuyo kwa wina aliyense, ndipo muno simulipezanso. Katani ija achemwali afika nayo pa chingwe cha 38. A Yatsala andibwezera kukhala ndi anzanga kumbuyo, koma anandichenjeza kuti ndikangoyambanso andibweza kutsogolo. Za munthu uja ndingonena chimodzi chokha, chifukwa chimenechi si dzina: ndi wamtali, ndipo akadutsa amanunkhira mankhwala a chifuwa.